Loweruka Mubwere Mutasamba

Amene anayamba kundibweretsera nkhaniyi ndi a Nachisale, mnzanga amene timakhala benchi imodzi kutchalitchi. Anandipeza kuseri kwa chigafa ndikupeta mphale, ndikuimba, mtima uli mbee ngati munthu amene wamaliza ntchito yabwino. Sanandipatse moni. A Nachisale akapanda kupereka moni dziwani kuti kwagwa chinthu, chifukwa mayi ameneyu amalonjera ngakhale mbuzi za eni.

"Amake Tadala, ine ndinakulakwirani chiyani?"

"Kwagwanji, anzanga?"

"Ine ndine wosasamba ine? Ine ndimamwa kachasu ine?"

Ananditambasulira kafoni kawo kamabatani. Ndinapukuta manja pachitenje, ndinawerenga, lichero linandipulumuka. Nkhuku zanga zinadya bwino tsiku limenelo, ndipo ndikhulupirira kuti pabanja lathu lonse ndi zokhazo zimene zapindula ndi nkhaniyi.

Koma ndiyambe poyambira kuti mundimvetse musanandiseke (kuseka museka ndithu, sindikuletsani, abusa amene anaseka).

Ine ndine mayi wa kuno kwa Dzoole. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma kulemba ndimatha, ndipo Baibulo ndimadziwerengera ndekha. Bambo a ana anatisiya Tadala ali wamng'ono. Mulungu ndi wabwino, abale. Fodya wa m'chigafa chomwechi ndi mtedza wa kumunda kwa amayi anga zinamuphunzitsa mwanayu mpaka anakafika ku Lilongwe, ndipo lero amagwira ntchito yopanga timapulogalamu ta m'mafoni, timene eni ake amati apu. Mukandifunsa kuti amapanga bwanji, sindidziwa. Ndimangomuona ali ndwii pagalasi lodzaza tizilembo ngati nyerere, akudziyankhulira yekha, ine nkumathokoza Mulungu kuti mwana wanga sakupsa ndi dzuwa.

Chaka chino anatibweretsera mnyamata, dzina lake Limbani, mphunzitsi, kwawo cha ku Malomo. Mwana waulemu, amagwada popereka moni, ndipo bambo ake ndi mkulu wa mpingo kumeneko. Ankhoswe anakumana, anagwirizana kuti chinkhoswe chidzakhale Loweruka lina m'nyengo yozizira, anthu atamaliza kukolola. Ine ndinayamba kuviika chimera cha thobwa tsiku lisanatsimikizike nkomwe.

Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali chimodzi: nkhoswe wathu. Ameneyo ndi mlongo wanga, a Gelesomu. Ndiwo mwini mbumba, wina kulibe. Ndisawanamizire, ndi munthu wabwino mtima. Chigafa changa amamanga ndi iwo, ndipo Tadala akudwala ali mwana anamubereka kumsana kuwoloka naye dambo mvula ikugwa. Koma kachasu, abale. Pamaliro a azakhali athu chaka chatha anaimirira kuti ayankhule m'malo mwa banja, anakonza kolala, nayamba kuthokoza anthu onse chifukwa chobwera ku ukwati. Anafika mpaka pofunsa kuti mkwatibwi ali kuti. Ine ndinafunda chitenje kumutu, anthu nkumati ndikulira azakhali.

Tsono kutatsala sabata kuti tsiku lifike, Tadala anabwera kumudzi ndi foni yaikulu imene anasiya kugwiritsa ntchito. Anaikamo khadi langa la foni, chifukwa mwana wamkazi sadziitanira yekha anthu ku chinkhoswe chake, uthenga uyenera kuchoka kwa kholo. M'fonimo munali apu imene anaipanga yekha akaweruka kuntchito, yoitanira anthu ku zochitika. Anati akufuna kuiyesa pa chinkhoswe chake chomwe asanaionetse kwa mabwana ake.

"Amama, maina onse ndi manambala ndaikamo. Uthenga ndalemba kale, ndi umodzi wa onse. Inu Lolemba mukakwere pachulu paja pamagwira bwino netiweki, mukangodina batani lobiriwirali. Basi."

"Basi?"

"Basi. Musavutike ndi china chilichonse."

Ndi umodzi wa onse. Mawu amenewa ndinawamva ndi makutu angawa, sindingamunamizire mwana. Koma nthawi imeneyo mutu wanga unali pa kuyamika. Ndinkasisita foniyo ndikuti, Ambuye, taonani chimene mwana wa mayi wamasiye wapanga ndi manja ake.

Lamulungu masana, Tadala atakwera minibasi, ndinakhala pakhonde nkutsegula kuti ndione uthenga wake uja. Unali wotere: "Mukuitanidwa ku chinkhoswe cha Tadala ndi Limbani Loweruka likudzali kunyumba kwa amake Tadala." Pathera pomwepo. Moni palibe. Kufunsa za ana palibe. Dzina la Mulungu palibe. Ndinati mwana uyu tauni yamuwononga, uku ndi kuitana anthu kapena kulengeza katemera wa chitopa? Abusa alandire mawu omwewo amene alandire wa kuchigayo? Asewere anga, bambo ake a Limbani, munthu amene sindinadye naye nkomwe, ndiwaitane ngati ndikuitana nkhuku?

Ndiye ndinaona kuti ukakhudza dzina la munthu, pamatseguka tsamba lake. Pamwamba dzina, pansi kabokosi kokhala ndi uthenga, ndipo mawuwo amafufutika. Ndinaganiza monga mmene munthu aliyense wanzeru akanaganizira (ndikunena chonchi kuti ndidzitonthoze): ngati pansi pa dzina lililonse pali bokosi, ndiye kuti aliyense ali ndi bokosi lake. Ndinati mwana anatopa chabe, ndimuthandize.

Ndinayamba ndi abusa. Ndinawalembera mwaulemu wonse, ndi vesi lomwe. Ndinapita kwa asewere, ndinadzichepetsa mpaka pansi, ndinati ife ndife osauka koma mwana wanu tamulandira ndi manja awiri. Ndikudziwa kuti nkhani za pakati pa mabanja zimayenda ndi ankhoswe, koma nkhoswe wake mwamumva kale. A Nachisale ndinawaseka pang'ono za mavinidwe awo, nkuwapempha mphika wawo waukulu. Aliyense ndinamulembera zake, wodwala mwendo ndinamufunsa za mwendo, amene ng'ombe yake inaswa ndinamuyamikira.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkandidabwitsa. Ndikamaliza munthu uyu nkutsegula wotsatira, ndinkapeza m'bokosi mwake muli mawu amene ndangolembera mnzake uja. Ndikatsegula a Nachisale, ndikupezamo za asewere. Munthu wochenjera akanaima pamenepo. Ine ndinangoti foni iyi ndi yaulesi, ikufuna ndiwapatse anthu mawu otsala ngati mkute. Ndinkafufuta bwinobwino nkulemba atsopano. Kubwerera m'mbuyo kukaona ngati vesi la abusa likadalipo, ayi, sizinandifike m'mutu. Munthu ukabzala phando subwerera kukafukula.

Ndinalemba mpaka chala chinachita dzanzi, ndinapitiriza Lolemba m'mawa. Achimwene a Gelesomu ndinawasiyira kumapeto chifukwa uthenga wawo unkafuna mphamvu. Ndinayamba ndapemphera, kenako ndinalemba zimene ndakhala ndikulephera kuwauza maso ndi maso osalira:

"Loweruka ndi chinkhoswe cha mwana. Chonde mubwere mutasamba, ndipo kachasu musalawe ngakhale dontho kuyambira Lachinayi. Zimene munachita pamaliro paja sitinaiwale, anthu akukambabe. Mukabwera ndi fungo lija mudzabwerera panjira."

Sindinalembe kuti achimwene. Panalibe chifukwa, poti apuyo inkaika yokha pamwamba mawu akuti "Okondedwa" ndi dzina la munthuyo, ndipo pansi inkatsekera kuti "Ndine amake Tadala." Mbali imeneyo, ndikuuzeni, inagwira ntchito bwino kwambiri. Palibe dzina limene inalakwitsa.

Ndinakwera pachulu, mphepo ikuomba kuchokera kumapiri, ndinakweza foni m'mwamba, ndinadina batani lobiriwira. Ndinatsika ndikuimba. Ndipo ndi nyimbo yomweyo imene a Nachisale anandipeza nayo. Pakafoni kawo panali mawu awa:

"Okondedwa a Nachisale, Loweruka ndi chinkhoswe cha mwana. Chonde mubwere mutasamba."

"Anzanga, uwu si wanu! Uwu ndi wa achimwene! Wanu unali wa mphika!"

"Mphika uli pati apa? Dzina ili ndi la achimwene anu?"

Tikadali pomwepo foni yanga inayamba kulira. Woyamba anali woyang'anira kwaya, amene anangofunsa kuti, "Maliro ake ati, mayi?" nkudula. Kenako wa kuchigayo. Kenako mlamu wanga wa ku Kasakula, amene sanayankhule, ndinangomva kupuma. Ndinamuimbira Tadala, foni yake inali yotseka, anali pa maphunziro a kuntchito tsiku lonse.

A Nachisale, mtima utatsika pang'ono, anakhala pamtondo nati, "Dikirani mwana. Kuona maso a nkhono nkudekha. Musakhudzenso chinthu chimenecho."

Malangizo abwino. Koma ine ndinali nditapeza kale chifukwa changa. Ndinati chala changa chachikuluchi ndi cha khasu, ndiye podina batani chinapsinja molakwika, mauthenga nkusokonekera. Ndinati ndikadikira mpaka madzulo, abusa agona ndi mawu amenewa, asewere agona nawo. Ndiwapepese msangamsanga, aliyense payekha, ndipo ulendo uno ndidina ndi kachala kakang'ono.

Ndinakhala pansi nkuyambanso. Kwa abusa ndinalemba ndikulira. Kwa asewere ndinalemba kuti ndikanakhala pafupi ndikanagubuduka pamapazi awo. Dzina ndi dzina, ndikufufuta za mnzake, ndikulemba zake, monga poyamba paja (inde, ndikudziwa, musandiuze). Nditafika pa achimwene, mkwiyo wonse wa tsikulo unatsikira kuchala. Ndinati zonsezi zachitika chifukwa cha mowa wawo. Ndinalemba:

"Ena onse ndawapepesa chifukwa uthenga uja sunali wawo. Koma inu sindikupepesani. Unali wanu ndithu, zonse ndi zoona, ndipo mudzi wonse ukudziwa."

Ndinakwera pachulu, a Nachisale atandiperekeza mpaka patsinde akupukusa mutu. Ndinadina ndi kachala kakang'ono, mofatsa ngati ndikukhudza diso la khanda. Ndisanatsike nkomwe, kafoni ka a Nachisale kanalira m'chitenje mwawo. Anakatulutsa, anawerenga mokweza, mawu ndi mawu, mpaka pa "Ndine amake Tadala." Anandiyang'ana ndili pamwamba pa chulu ngati mbuzi, anamanga chitenje chawo bwinobwino, nkumapita osatsanzika.

Ndinakhala pachulu pomwepo. Kutsika kunandikanika, ndipo kumwamba sikunanditenge ngakhale ndinapempha.

Tadala anaimba dzuwa likulowa. Mawu ake anali ozizira, a munthu amene walira kale nkumaliza.

"Amama, munalemba m'kabokosi kaja?"

"Ndimafuna kukuthandiza, mwana wanga. Uthenga wako unalibe moni."

"Ndinakuuzani kuti ndi umodzi wa onse."

"Unandiuza. Koma nanga bokosilo limaonekeranji pansi pa dzina la aliyense?"

Kenako anati, "Eya. Pamenepo ndiye ndinalakwitsa ine."

Ndinamupempha kuti andiuze chimene chachitika m'mawu oti ine ndimve, chifukwa munthu ukamamira umafunako kudziwa dzina la mtsinje. Anati, "Mukukumbuka kusukulu kwanu? Mwana aliyense anali ndi sileti yake, koma bolodi linali limodzi kutsogolo."

"Ndikukumbuka."

"Popanga apu, ndimayamba ndalongosola kamodzi kuti mlendo ndi chiyani: ali ndi dzina, ali ndi nambala, ali ndi uthenga. Kuchokera pamenepo foni imapanga alendo onse, mmodzimmodzi. Dzina ndi nambala ndinaziika pa sileti, aliyense yake. Koma uthenga ndinauika pa bolodi. Pali kamawu kamodzi kamene timalemba patsogolo pa chinthu, timati sitatiki. Ukakalemba, ndiye kuti chinthucho si cha mlendo mmodzi, ndi cha gulu lonse, chilipo chimodzi basi. Mukatsegula dzina la abusa mumaona bolodi. Mukatsegula la amalume mumaona bolodi lomwelo. Inu mumayesa mukulemba m'masileti, koma mumafufuta bolodi nkulembanso, kufufuta nkulembanso. Potumiza, foni inangotenga zimene zinatsala pa bolodi nkupatsa aliyense."

"Ndiye vesi la abusa?"

"Munalifufuta nokha mutatsegula asewere anu."

"Nanga unakaikiranji kamawu koopsa chotero?"

"Si koopsa, amama, pa zinthu zimene zilidi za onse. Ndimafuna kuti tsiku likasintha ndidzakonze pamodzi, zikonzeke kwa aliyense. Koma ndinasiya bokosilo lotsegula pansi pa dzina lililonse ngati ndi la mwiniwake. Ndinaiyesa ndekha, ndipo ine sindikanalembera anthu mmodzimmodzi. Sindinaganize za munthu ngati inu."

Munthu ngati ine. Sananene monyoza, koma anandilasa. Kenako anati, "Limbani waimba. Kwawo sikuli bwino."

Zimene zinachitika ku Malomo ndinazimva pang'onopang'ono, ndipo ndizinena chifukwa mwini wake anaziulula yekha. Asewere anga aja, mkulu wa mpingo, atalandira uthenga woyamba anangoti kakasi. Zikuoneka kuti pamaliro ena, kunja kukuzizira kwambiri, anapita kumanda kukaona adzukulu akukumba, ndipo anamwa nawo zotenthetsa thupi, osati pang'ono. Palibe wa kumpingo amene anadziwa, ngakhale akazi awo. Ndiye taganizani, munthu ali phee pakhomo pake, nkulandira mawu a dzina lake akuti zimene munachita pamaliro paja sitinaiwale. Anayesa kudzilimbitsa mtima kuti mwina ndi kulakwitsa. Kenako wachiwiri unafika: unali wanu ndithu, mudzi wonse ukudziwa. Bambo aja anavala jekete, anakwera njinga, anakagwada kwa abusa awo kuti adzinenere okha nkhani isanafike ndi ena. Abusawo anawauza kuti ayambe apumira pa udindo. Atabwerera kunyumba anauzanso akazi awo. M'mawa mwake ndi pamene anamva kuti uthengawo unafika kwa anthu onse, kuyambira abusa a kwa Dzoole mpaka wa kuchigayo.

Mawu anabwera kudzera kwa nkhoswe wawo: chinkhoswe chiyambe chaima.

Masiku otsatira ndinayenda ndi miyendo, khomo ndi khomo, monga mmene ndikanachitira poyamba pomwe. Abusa athu anaseka mpaka anavula magalasi. Anati, "Mayi, kusamba ndimasamba, koma ndinakhala tsiku lonse ndikuwerenga maliro onse amene ndalalikirapo, kufuna kudziwa kuti ndinalakwa pati." Amayi busa sanaseke, ndipo mpaka lero amandipatsa moni wa nsonga za zala. Chodabwitsa, abale, nchakuti anthu ambiri ali ndi kanthu kamene anachita pamaliro. Mayi wina amene sindimutchula anabwera mwakachetechete kudzabweza beseni limene linasowa pamaliro a bambo a Tadala. Ine ndinali nditaliiwala kalekale. Tinangoyang'anana, ine ndikupepesa, iye akupepesa, beseni lili pakati.

Khomo lomaliza linali la achimwene. Ndinawapeza atakhala pachitsa, foni ili m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri panalibe fungo.

"Ndiye kuti dziko lonse lawerenga kalata yanga," anatero.

"Achimwene, ndikhululukireni."

"Ukhululukidwe chiyani? Pali bodza pamenepa? Chimene chikundiwawa nchakuti anthu osalakwa atukwanidwa m'malo mwanga. Ndipo mwana uja, amene ndinawoloka naye dambo." Kenako anati, "Kuyambira Lolemba sindinalawe. Mawa tipite ku Malomo. Ndikanene ndekha pamaso pawo kuti chidakwacho ndine."

Ndinalira, abale. Zaka zonsezi ndakhala ndikupempherera munthu ameneyu, m'mawa ndi madzulo, kumapemphero a amayi dzina lake anatopa nalo. Ndinapita kunyumba, ndinatulutsa jekete ya malemu bambo a Tadala, ndinaisita ndi makala. M'mawa achimwene anabwera atasamba, atameta ndevu, atadzola mafuta, nsapato zitapukutidwa. Atavala jekete ija ndinachita kubwerera m'mbuyo. Ankaoneka ngati munthu wobwera kudzayendera sukulu. Mtima wanga unadzaza chiyamiko, osadziwa kuti ndikusita tsoka langa lachitatu.

Tinakwera minibasi, kenako kabaza, kukwera ndi kutsika zitunda za ku Ntchisi, fumbi m'maso, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Anatilandira pamphasa. Nkhoswe wawo anakhala pakati, asewere aamuna pampando chapatali akuyang'ana kumunda, akazi awo pakhomo la khitchini. Achimwene anagwada, anaomba m'manja, nayankhula. Sindinawamvepo akuyankhula bwino chotero chibadwire. Mawu oyalana, miyambi m'malo mwake, osabwereza, osafunsa kuti mkwatibwi ali kuti. Anafotokoza za bolodi ndi masileti kuposa mmene ine ndinawafotokozera. Anamaliza nkuti, "Tsono wosasambayo ndine, wa kachasuyo ndine, wa pamaliroyo ndine. Mkwiyo wanu ugwere ine, ana asiyeni."

Asewere anatembenuka. Anawayang'ana achimwene kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Anakoka mpweya ndi mphuno kawiri.

"Chidakwa chake ndi chimenechi?"

"Ndine ndithu, bambo."

"Mayi, munthu uyu mwamubwereka kuti? Ndi mlaliki wa kwanu kapena mphunzitsi wopuma?"

"Ndi mlongo wanga, bere limodzi!"

"Mwina ndi mlongo wanu, koma chidakwa ayi. Mwandinyoza pafoni kawiri, lero mwabwera kudzandipusitsa pakhomo panga?"

Achimwene anatambasula manja. "Taonani mmene akunjenjemerera, bambo. Ndi ludzu la mowa limeneli."

"Ndi chisanu chimenecho. Tonse tikunjenjemera."

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene sindinaganizepo kuti ndidzachita. Ine, amene ndabisa manyazi a mlongo wanga moyo wanga wonse, ndinayamba kuwachitira umboni ndi mphamvu zanga zonse. Ndinati bambo, munthu uyu anagonapo m'khola la nkhumba za eni mpaka kutacha. Munthu uyu anagulitsapo tayala la njinga yake ali paulendo nkubwera atasenza njingayo. Munthu uyu anathokoza anamfedwa chifukwa chobwera ku ukwati. Achimwene ali pambali panga akungovomereza, "Zoona. Zimenezonso nzoona. Waiwala za m'chitsime." Ndinkayankhula ngati ndikutsatsa mbuzi pamsika, misozi ikutsika.

Asewere anadzuka. "Musandiphunzitse ine. Ine munthu wakumwa ndimamudziwa."

Akazi awo anakhosomola pakhomo la khitchini. Bambo aja anaima, anatsegula pakamwa, anatseka, nalowa m'nyumba. Nkhoswe wawo anatola kamtengo nkumajambula pansi, kenako anati nkhaniyi aiona.

Amayi ake a Limbani anatiperekeza mpaka pamsewu. Ndi mayi wofatsa, anandigwira dzanja nati, "Asewere, musadzivute. Akudziwa kuti mukunena zoona, Limbani anawaonetsa zonse. Koma akavomera kuti uthengawo sunali wawo, ndiye kuti anakadziulula pachabe, udindo anautaya pachabe. Pakali pano nkwapafupi kwa iwo kukukwiyirani inu kusiyana ndi kudziseka okha. Apatseni nthawi." Ndinafunsa kuti nthawi yake yotalika bwanji. Anati, "Bambo amenewa anakwiyirapo mbale wawo chifukwa cha malire a munda, ana amene anabadwa nthawi imeneyo ali ku sekondale."

Loweruka lija linafika. Thobwa linali litaphikidwa kale, poti chimera sichidziwa kuti chinkhoswe chaima. Pabwalo panali posesa bwino, popanda munthu. Chakumasana ndinaona munthu akubwera panjira atavala jekete. Anali achimwene, atasamba. Anati, "Unati ndibwere Loweruka." Tinakhala awiriwiri pansi pa mtengo wa mango tikumwa thobwa la anthu onse aja.

Tadala anabwera sabata yotsatira. Waonda mwana wanga. Ndi Limbani akuyankhulana, koma mnyamatayo akuti sangamange banja bambo ake atatembenukira kukhoma, ndipo ine sindingamunene, ndi ulemu womwewo umene ndinamukondera. Tadala anatsegula kompyuta yake pakhonde nandiitana. Anandilozera pakati pa nyerere zija kamawu kamodzi, kafupi kuposa dzina langa. Anakafufuta ndikuona, nakonza mizere ina pang'ono.

"Basi, amama. Tsopano aliyense ali ndi sileti yake. Mukhoza kulembera abusa vesi lawo."

"Kakang'ono chonchi?"

"Kakang'ono chonchi."

Ndinati cholakwa ndi changa, sindinamvere. Iye anati ndi chake, anasiya chitseko chotsegula. Tinalimbirana cholakwacho ngati bulangete limodzi m'nyengo yozizira, mpaka tonse tinalira. Madzi akatayika saoleka. Foniyo anandisiyira, ili m'sutikesi pansi pa nsalu za kutchalitchi. Ndimakhulupirirabe kuti abusa ndi wa kuchigayo saitanidwa ndi mawu amodzi, pamenepo sindinasinthe, koma ndikadzaitananso anthu ndidzapita ndi miyendo yanga.

A Nachisale tinagwirizananso, anabwera okha ndi mphika uja ngakhale panalibe chophika. Ndiwo anandipatsa nzeru yakuti tiwagulire achimwene kabotolo kamodzi kokha, tiwakweze kabaza, tikawatsitse pakhomo pa asewere kuti adzionere okha. Ndikuvomera pamaso pa Mulungu kuti ndinaiganizira nzeru imeneyi kwa nthawi yokwana kuimba ndime imodzi ya nyimbo. Kenako ndinasuzumira panja nkuona achimwene akufolera chigafa changa, maso ali oyera, akuimba mluzu, ndipo ndinati ayi. Pemphero la zaka zonse zija layankhidwa, kungoti layankhidwa sabata imene ndinkafuna umboni. Mulungu salakwitsa, ndine amene sindimvetsa kalembedwe kake.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, mukamaliza kuseka mutikumbukire pogwada. Mukumbukire Tadala ndi Limbani, kuti mvula isagwe asanakhale pamphasa imodzi pamaso pa ankhoswe. Mukumbukire asewere anga a ku Malomo, kuti mtima wawo ufewe ndipo udindo wawo ubwerere, pakuti amene anawagwetsa ndine. Mukumbukire a Gelesomu, kuti akhalebe osalawa, ngakhale kusalawa kwawoko ndiko kwatiwonongera mlandu. Ndi ine mundikumbukire, chala chisamathamange kuposa makutu.

Pempho ili lokha ndi limodzi la nonse, ndipo ndaliwerenga kawiri ndisanalipereke. Za kusamba, aliyense adzionere yekha.